Kupita kunyanja kuchokera ku Chipata: mapepala, ndalama, ndi woti mum'funse mukafika

Sukulu zikangotsala pang'ono kutsekera, foni yanga siipuma. Wina ndi mnzanga wa kukwaya, wina mlamu wanga wa ku Katete, wina sindimudziwa n'komwe, anangopatsidwa nambala. Funso ndi lomwelo: "Tamva kuti inu mumapitapita kunyanja. Timayenda bwanji? Nanga tikafika timafunsa ndani?" Ndimapitadi, chifukwa apongozi anga ali ku Salima, ndipo ndaperekezapo magulu angapo a kumpingo. Pakamwa pauma n'kubwereza, ndiye ndalemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Kwa ife a kummawa gombe lapafupi ndi la nyanja ya Malawi, ku Senga Bay m'boma la Salima. Ndi makilomita pafupifupi 270 kuchokera ku Chipata, theka chabe la ulendo wa ku Lusaka. Ndinenapo pang'ono za Cape Maclear, koma malangizowa ndi a munthu amene akupita koyamba, ndi banja, ndalama zake zowerengeka.

1. Sankhani mwezi, osangotengera holide.

Anthu a ku Chipata amakonda masiku a Heroes ndi Unity kumayambiriro a Julayi poti ndi masiku anayi otsatizana. Imeneyo ndi nyengo ya mwera. Mwera ndi mphepo yochokera kummwera chakummawa, imaomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo ikadzuka nyanja imachita mafunde oti ngakhale asodzi amakokera mabwato kumtunda. Mukhoza kukhala masiku atatu mutavala juzi, mukungoyang'ana madzi. Mpoto ndi mphepo ya kumpoto ya nthawi ya dzinja, imabwera ndi mvula yadzidzidzi.

Ine ndimakonda Seputembala ndi Okutobala. Kumatentha koopsa, Salima ndi kuchigwa, koma nyanja imakhala bata nthawi zambiri. Chenjerani ndi 15 Okutobala, tsiku la anakubala ku Malawi: Lilongwe yonse imatsikira ku Senga Bay ndipo chipinda simungachipeze. Khirisimasi ndi Isitala chimodzimodzi. Tsiku lathu la ufulu la 24 Okutobala ndi labwino chifukwa kwa iwo ndi tsiku wamba.

2. Mapepala.

Ife a ku Zambia sitifuna viza polowa ku Malawi, koma pasipoti ndiyofunika, ndipo ikhale yoti yatsala ndi miyezi yoposa 6 isanathe. Musadalire chiphaso chija cha paboda chimene ena amatenga popita kumaliro ku Mchinji. Chimenecho ndi cha maulendo aafupi m'madera oyandikana ndi malire, ndipo pamsewu wa ku Salima pali marodibuloko. Kulankhula Chichewa sikukupulumutsani. Mukangoti "manje", wapolisi wadziwa kale kuti ndinu a kutsidya. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake. Ngati mukuyenda ndi mwana wa mchemwali wanu, kapena bambo wa ana atsala, tengani satifiketi yobadwira ndi kalata yosainidwa ndi kholo lotsalalo.

Ngati mukupita pa motoka yanu, onjezani izi: buku la umwini wa motoka lija amati white book, laisensi, inshuwalansi ya COMESA imene amati Yellow Card, chikalata cha apolisi chosonyeza kuti motokayo si yakuba, ndi kalata ya mwini wake ngati si yanu. Paboda a msonkho a kwathu, a ZRA, amakulemberani kuti motoka yatuluka kwa kanthawi, a msonkho a ku Malawi, a MRA, amakupatsani chilolezo cholowera nayo chimene amati TIP. Pepala limeneli musalitaye, amalifuna pobwerera. Matrayango ndi chozimira moto zikhale m'buti. Ndipo dzazani thanki ku Chipata. Zaka zapitazi mafuta akhala akusowasowa ku Malawi, ndipo palibe chowawa ngati kugona pamzere wa petulo nyanja ili pa mphindi 20.

3. Ndalama: funsani nthawi zonse kuti "kwacha iti?"

Ife kwacha, iwo kwacha, koma sizofanana mphamvu ngakhale pang'ono. Yathu ili ndi ngwee, yawo ili ndi tambala, ndipo yawo inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mitengo imene anakuuzani mnzanu amene anapita kale iwalani. Mukasintha ndalama zochepa zathu mumalandira mpukutu wa ma K5,000 ndi ma K2,000 wodzaza chikwama, n'kumadziona ngati bwana. Umatha msanga mpukutuwo.

Mukangotsika pa Mwami anyamata osintha ndalama amakuzingani. Malo oyenera mwalamulo ndi banki kapena bureau. Amene amasintha ndi anyamatawo amadziika okha pachiswe, ndipo ine ndinaphunzira movutikira: mnyamata wina anandiwerengera bwinobwino ndikuona, kenako n'kuti "dikirani mayi, ndalakwitsa", n'kuutenganso mpukutu uja. Nditafika ku Mchinji ndinapeza kuti pakati papindidwa mapepala, ena ndinawawerenga kawiri. Mukawerenga ndalama isabwererenso m'manja mwa wina.

Gulani simu ya ku Malawi, Airtel kapena TNM, amalembetsa ndi pasipoti. Ikani ndalama zina mu Airtel Money ya kumeneko kapena mu Mpamba ya TNM, zina m'thumba. Kugombe makadi a banki amagwira m'mahotela aakulu okha, ndipo ATM yodalirika mukaipeza ku Salima, osati ku Senga Bay.

4. Msewu.

Nyamukani m'mawa kwambiri. Matakisi a ku Mwami amapezeka m'tauni, ndi ulendo wa theka la ola. Kuyambira Disembala 2022 boda ya Mwami ndi Mchinji inakhala ya malo amodzi, simuyendanso maofesi awiri otalikirana ngati kale. Akadinda pasipoti, yang'anani masiku amene akulemberani musanachoke pawindo. Kuchoka apo ndi takisi yofika ku Mchinji boma, kenako minibasi ya ku Lilongwe pamsewu wa M12. Mukatsikira ku depoti ya ku Area 2, pomwepo pali za ku Salima. Gwirani chikwama kutsogolo, ndipo kwerani imene yatsala pang'ono kudzaza, osati imene kondakitala akukukokerani. Msewu wa M14 umatsika mapiri makilomita pafupifupi 100, mumamva kutentha kukuwonjezeka m'makutu momwe. Ku Salima tsikirani pa Kamuzu Road, gulani madzi, buledi ndi zina zonse, kenako takisi kapena kabaza wa njinga yamoto makilomita 20 otsalawo. Kabaza ndi wonyamula anthu panjinga. Ndi ana ndi zikwama, tengani takisi.

Ku Senga Bay kuli kampu ya asilikali. Musamajambule pafupi ndi geti lawo.

5. Pogona: imbani, musangokhulupirira chithunzi.

Kuli hotela yaikulu ya Sunbird Livingstonia, kuli maloji apakati, kuli maresitihausi a kumsika. Zithunzi za pa Facebook zimakhala zakale. Mu 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri mpaka malo ena ogona analowa madzi, ndipo mchenga umene mukuuona pachithunzi mwina kulibenso. Imbani, funsani kuti akujambulireni kanema wa lero wa chipinda ndi wa gombe. Funsani ngati mtengo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ngati misonkho ili momwemo, ngati kuli neti ya udzudzu, ngati kuli jenereta kapena sola magetsi akazima, komanso ngati amalola kuphika nokha. Musatumize ndalama yonse ku nambala ya munthu amene simunamuone.

6. Wofunsa ndani mukafika. Apa ndi pamene ambiri amagwa.

Anthu amayembekeza kuti akafika apeza kaofesi kolembedwa kuti alendo funsani pano, muli mapu ndi mitengo pakhoma. Dipatimenti yoona za alendo likulu lake lili ku Lilongwe. Koma inu mukafika kugombe thukuta lili kamukamu, mwana akulira njala, amene amayamba kukulandirani ndi mnyamata wansangala wonena kuti "takulandirani, ine ndine gaidi wa kuno." Mwina ndi gaidi weniweni, mwina ayi. Nzeru za kunyanja zili mwa anthu osiyanasiyana, ndipo aliyense ali ndi gawo lake limene amanena zoona ndi gawo limene amakokera kwake.

Woyamba ndi wa pa resepishoni pamene mwagona. Ameneyu mufunseni za mitengo musanalankhule ndi wina aliyense: boti yopita ku chilumba cha Lizard ndi zingati, takisi ya ku Salima ndi zingati, chambo chachikulu kugombe chikugulidwa bwanji sabata ino. Mufunseninso maina a magaidi amene loji imawadziwa. Iye amapezapo kangachepe akakutumizani kwa mnzake, zimenezo n'zodziwika, koma ubwino wake ndi woti zikavuta muli ndi pokadandaula. Chimene sangakuuzeni n'choti paloji yoyandikana nayo chakudya n'chotsika mtengo.

Wachiwiri ndi gaidi. M'malo ambiri okopa alendo magaidi ali ndi mabungwe awo, ndipo ovomerezeka amakhala ndi chitupa. Kupempha kuchiona si mwano. Nenani mwaulemu, "Achimwene, tangondionetsani kachitupa kanu, ndi lamulo la gulu lathu." Weniweni amachitulutsa akuseka. Winayo amayamba nkhani yaitali yoti anachisiya kunyumba. Gaidi amadziwa kumene kuli nsomba zokongola, njira ya kuphiri, kumene amasema ziboliboli. Za nyengo musamufunse iye, chifukwa boti ikapanda kunyamuka iye sadya.

Achitatu ndi asodzi: za nyengo ndi za madzi funsani iwo, makamaka achikulire amene amasoka maukonde pamthunzi. M'madoko ambiri muli komiti ya asodzi imene amaitchula kuti BVC, ndipo wapampando wake aliyense amam'dziwa. Musafike n'kuyamba ndi funso. Perekani moni, khalani pansi kapena njutani, nenani kumene mwachokera. Mukati "tachokera ku Chipata" nkhani imatseguka yokha, wina anapitako ku Kulamba ku Mkaika, wina ali ndi mbale wake ku Vubwi. Kenako funsani: "Bambo, nanga nyanjayi lero ili bwanji? Ana angasambe pati?" Tsiku lina mkulu wina sanandiyankhe msanga. Analuma ulusi, n'kuloza ndi chibwano kutali kumene madzi anada ngati wathirapo makala. "Mukuona uko, mayi? Ikamakwana 10 ifika kuno." Kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe, gaidi wathu n'kumati tiyeni. Sitinapite. Tisanamalize tiyi, mafunde anali akumenya mpanda wa loji. Ndiponso yang'anani mabwato: ngati onse ali kumtunda nthawi imene amayenera kukhala pamadzi, yankho mwalipeza kale.

Ambiri mwa anthu a m'midzi ya ku Senga Bay ndi Asilamu. Zovala zosambira zithere pamchenga wa loji. Polowa m'mudzi kapena padoko la asodzi, amayi mangani chitenje, abambo valani malaya, ndipo musajambule munthu amene akusamba kapena kuchapa.

Wachinayi ndi wa zanyama, a dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Zilumba zina, monga za Maleri kufupi ndi Salima ndi za Thumbi, Domwe ndi Mumbo ku Cape Maclear, zili m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Kulowa m'paki kumalipiridwa, ndipo mtengo wa nzika ya Malawi ndi wosiyana ndi wa mlendo. Apa pali msampha wa ife olankhula chinenero chimodzi. Gaidi akhoza kukunong'onezani kuti "mungokhala chete, ndinena kuti ndinu a ku Mchinji." Kanani. Akapempha chitupa cha unzika mudzachita manyazi pamaso pa ana anu, ndipo pasipoti yanu ili ndi chidindo cha dzulo. Funsani mtengo wa munthu wa ku Zambia, lipirani, landirani lisiti. Mukapereka ndalama ya paki kwa gaidi, lisitilo mulione ndi maso.

Wachisanu, amene palibe amamuganizira, ndi wa kuchipatala chaching'ono kapena kufamase. Tsiku lofika dziwani kumene kuli, ndi nthawi imene amatseka.

7. Kupangana za boti.

Bwato ndi lija losema pamtengo, boti ndi ya matabwa kapena ya fayiba yokhala ndi injini. Alendo musakwere bwato, limafuna wobadwira momwemo. Musanaponde m'boti, mfundo izi zithe muli pamtunda, pamaso pa wa resepishoni ngati n'kotheka. Mtengo ndi wa boti yonse kapena wa mutu umodzi? Mafuta ali momwemo? Ndalama ya paki? Magalasi oonera pansi pa madzi? Nsomba yootcha pachilumba ija akunenayi, ndi yaulere kapena mukailipira mutadya kale? Mubwerera nthawi yanji? Ndipo kwacha yake iti, poti ena akamva kuti ndinu a ku Zambia amatchula nambala yaing'ono, pobwerera n'kumati amanena yanu ija kapena madola.

Perekani theka, lotsala mukabwerako. Akati akufuna yonse kuti akagule mafuta, pitani nawo kapena tumani mmodzi wa inu. Gulu lathu lina linadikira pamchenga kuyambira 8 mpaka dzuwa paliwombo, amayi atavala kale zipewa, munthu atapita ndi ndalama "kukatenga petulo."

Majekete oyandamitsa awerengeni, aliyense yake, ndipo muvale musananyamuke. Jekete ya munthu wamkulu pa mwana wa zaka 5 imavuka akangogwera m'madzi. Akati "musaope, ife timayenda tsiku lililonse", yankhani kuti iwo amatha kusambira, inu ayi. Mwini boti akati mwachuluka, musamukakamize. Nyamukani m'mamawa, poti mphepo imakonda kukula dzuwa likakwera.

Mukapita, pemphani akuonetseni nkhwazi. Amaimba mluzu, n'kuponya kansomba m'mwamba, ndipo mbalame ija ili pa mbendera yathu imatsika kuchokera mumtengo n'kukatola pamadzi ndi zikhadabo, inu muli pomwepo. Apongozi anga aamuna amaseka kuti a ku Zambia munaijambula pansalu koma kudya imadya kwathu.

8. Kusamba.

Kusambira kwa mu Lutembwe si kwa kunyanja. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 560 ndipo pena ndi yakuya mamita 700. Pagombe pena mumayenda madzi ali m'mawondo, kenako phazi limodzi mwapezeka mulibe pansi. Osatha kusambira asapitirire m'chiuno. Wamkulu mmodzi akhale pamtunda wosalowa m'madzi, wosagwira foni, ntchito yake kuwerenga mitu ya ana, ndipo muzisinthana. Mowa ndi madzi siziyendera limodzi. Usiku musasambe, ndipo musayandikire pamene mtsinje ukulowa m'nyanja kapena pa bango, ndi malo a ng'ona ndi mvuu.

Likodzo liliko. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha, makamaka pamene pali udzu ndi pamene anthu amachapira. Simumva kanthu tsiku lomwelo. Lembani tsiku limene mwasamba komaliza, ndipo pakatha masabata 6 mpaka 8 pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja ya Malawi. Mankhwala ake ndi praziquantel, amapereka molingana ndi kulemera kwa munthu. Kumwa tsiku lobwerera n'kutaya mankhwala, tizilombo timakhala tisanakhwime. Malungo nawo ndi ambiri kuchigwa kuno kuposa kwathu kumapiri, gonani m'neti.

9. Ngati masiku alipo.

Kufupi ndi Salima kuli Kuti, malo a nyama kumene ana angaone mbidzi akuyenda pansi, ngakhale kwa amene anafikako ku Mfuwe n'zochepa. Chimene ndimalimbikitsa ndi Mua, kummwera pamsewu wa M5. Mishoniyi inayamba mu 1902, ndipo pamenepo pali KuNgoni, malo amene anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, osungirako mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndi zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Munthu wa kwa Gawa Undi kapena wa kwa Mpezeni amatulukamo ali chete. Kupitirira apo, kudzera ku Golomoti, mumafika ku Monkey Bay kumene imakocheza sitima ya Ilala, yoyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndi ku Cape Maclear, mudzi wa Chembe. Kumeneko madzi ndi oyera kuposa ku Senga Bay, ndipo ofesi ya paki ili kumapeto kwa mudzi chakufupi ndi Otter Point, pafupi ndi manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875. Kumeneko ndiye kuli ofesi yeniyeni yofunsako. Koma ndi tsiku lina lathunthu pamsewu, musaphatikize ndi Senga Bay pa masiku atatu.

10. Pobwerera ndi nsomba.

Palibe amabwerera chimanjamanja, kunyumba akudikira. Usipa wouma gulani pa mathandala, matebulo aatali a bango kapena a neti amene amayanikapo nsomba. Tengani kamodzi mukathyole: kouma bwino kamathyoka, konyowa kamapindika ndipo kadzafika ku Chipata kakununkha. Pisani dzanja mpaka pansi pa ndowa, chifukwa pamwamba amaika wosankha. Bonya ndi tating'ono kwambiri tija, totsika mtengo. Chambo chachiwisi gulani m'mawa wa tsiku lonyamuka, yang'anani makha ake akhale ofiira, ndipo ayisi mukagule ku Salima. Pa minibasi ndi bwino chowamba. Kuyambira Novembala kumakhala nyengo yoletsa makoka ena kuti chambo chiswane, ndiye chimasowa ndi kukwera mtengo.

Paboda nenani zimene mwanyamula. Zapakhomo zochepa sizivuta kwenikweni, koma matumba a malonda amafuna zilolezo. Kumbukiraninso kuti kwathu kuyambira 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale usodzi umatsekedwa, ndipo wopezeka ndi nsomba pamsewu amafunsidwa pepala losonyeza kumene zachokera. Ngati mukupita pa Khirisimasi, funsani ku ofesi ya zansomba ku Salima musanagule zambiri. Makwacha a ku Malawi otsala gulirani mpunga wa kilombero kapena mango pa Kamuzu Road, mungosiya yokwanira minibasi ndi takisi ya ku Mchinji.